Zachabechabe kwa Yani?

Pali liwu lina la Chingerezi limene lafala pakamwa pa anthu ophunzira, ndipo kawirikawiri limamveka pamene wina akufuna kutseka nkhani. Liwulo ndi "trivial". Wapampando akaona kuti dzuwa lapendeka amati mfundo yotsalayo ndi "trivial". Mkulu wa pa ofesi akatopa ndi dandaulo la wantchito amalitcha "trivial". Ngakhale mwana wa sekondale wobwera ku tchuthi angathe kuwayankha nalo amayi ake pamene amufunsa chifukwa chimene sanatsekere khola la nkhuku. M'chinenero chathu tingati zachabechabe, zopanda pake, tinthu tosayenera kutayirapo nthawi. Liwuli lili ndi mbale wake, "trivia", ndilo dzina la tinthu totere tikaunjikidwa pamodzi. Tanthauzo lake silivuta, ndipo buku lililonse lomasulira mawu limalipereka mu mzere umodzi. Chimene chatikopa ife ndi ulendo umene liwuli linayenda kuti lifike pa tanthauzo limeneli, pakuti mu ulendomo munabisala chiweruzo chimene ambiri amachipereka osazindikira kuti akuweruza.

Angerezi analitenga liwuli ku Chilatini. Kwa Aroma "tri" ankatanthauza zitatu, "via" inali njira, ndipo "trivium" anali malo amene njira zitatu zakumana, ndiye kuti pamphambano. Tsono pamphambano pamadutsa munthu aliyense: kapolo wosenza mtolo, mayi wopita ku msika, msilikali, wogulitsa ndiwo, mlendo wofunsa njira. Pamenepo anthu amaima, napatsana moni, nauzana mtengo wa mafuta ndi za yemwe wadwala. Chinthu cha pamalo otere Aroma ankachitcha "trivialis", cha pamphambano, chopezeka paliponse, cha anthu wamba. Nthabwala ya "trivialis" inali nthabwala ya mumsewu, yosayenera m'nyumba za akuluakulu.

Komabe Aroma omwewo sankaona mphambano ngati malo opepuka. Mulungu wawo wamkazi Diana ankatchedwanso Trivia, mwini mphambano, ndipo ankamuphatikiza ndi Hecate wa Agiriki, amene anthu ankamusiyira chakudya panjira usiku. Izi sizingadabwitse munthu wokulira m'midzi yathu, kumene zotsala za mankhwala a wodwala zimakatayidwa pamphambano, ndipo ana amachenjezedwa kuti asatole kanthu kalikonse kamene akapeza pamenepo. Malo amene aliyense amapondapo ndiwo amenenso ankaopedwa. Mbali iyi ya mantha inatsalira m'mbuyo pamene liwu lija linkawoloka kupita ku Chingerezi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, m'masiku a Shakespeare, Angerezi ankanena "trivial" potanthauza chinthu wamba, chozolowereka. Ndipo pasanapite zaka zambiri liwu lomwelo linayamba kutanthauza chinthu chopanda pake. Tiyeni tiime pang'ono pa sitepe imeneyi, abale, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Kuchoka pa "cha anthu onse" kufika pa "chachabechabe" ndi mtunda wautali, ndipo palibe amene anakhala pansi kutsimikiza kuti ziwirizi ndi chimodzi. Zinangolowana mwakachetechete m'kamwa mwa anthu amene sankafuna kuwerengedwa pamodzi ndi khamu la pamphambano. Koma titafuna kutsata maganizo amenewa mpaka pamapeto pake, tiyenera kunena kuti madzi ndi achabechabe popeza aliyense amamwa, mchere ndi wachabechabe popeza uli m'nyumba iliyonse, ndipo moni ndi wachabechabe popeza ngakhale mwana amautha. Golide ndi wosowa, madzi ndi ofala. Koma wapaulendo amene wasokera mwezi wa Okutobala amadziwa chimene angasankhe.

Liwu lomweli lili ndi mbiri ina ya m'sukulu. M'zaka zapakati za mbiri ya ku Ulaya, masukulu a m'nyumba za amonke ndi a pa matchalitchi akuluakulu ankagawa maphunziro pasanu ndi pawiri. Anayi apamwamba anali masamu a nambala, miyeso ya malo, nyimbo ndi za nyenyezi. Boethius, amene anaphedwa cha m'ma 524, ndiye anawatcha njira zinayi, dzina limene linakhazikika kuti "quadrivium". Atatu oyamba anali galamala, luso la kuganiza molongosoka, ndi luso la kuyankhula mogwira mtima. Amenewa anadzatchedwa "trivium", njira zitatu, cha m'nthawi ya mfumu Charlemagne, amene anavekedwa ufumu waukulu m'chaka cha 800 ndipo anaitana Alcuin wa ku York kuti adzakonze masukulu ake. M'Chingerezi cha zaka za m'ma 1400, chinthu cha "trivial" chinali chinthu cha maphunziro atatu amenewa, popanda chitonzo chilichonse. Taganizani tsono: kulemba chiganizo chomveka, kusiyanitsa mfundo yoona ndi yopotoka, kunena maganizo ako kuti mnzako amve. Kodi pali dokotala, woweruza milandu kapena nduna imene ingaime popanda zitatuzi? Koma maphunziro a oyamba amanyozeka msanga m'maso mwa munthu amene anawapyola, monga momwe ena amachepetsera mphunzitsi wa Sitandade 1, kuiwala kuti ndi iyeyo amene anawagwira dzanja polemba chilembo choyamba.

Nkhani imene imatikoma kuposa zonse ndi ya Carl Linnaeus, katswiri wa zomera wa ku Sweden. Iye asanabwere, ndiponso m'masiku ake, dzina la chomera m'mabuku a akatswiri linali mndandanda wa mawu a Chilatini ofotokoza masamba, maluwa ndi tsinde, nthawi zina mawu khumi kapena kuposerapo. Limenelo ndilo linkayesedwa dzina lenileni. M'buku lake la Species Plantarum la chaka cha 1753, Linnaeus analemba mayina aatali amenewa monga mwa mwambo, koma m'mphepete mwa tsamba ankaikamo liwu limodzi lalifupi lothandiza kukumbukira, ndipo analitcha "nomen triviale", dzina wamba, dzina la pamphambano. Linali ngati dzina losereula limene mwana amapatsidwa pabwalo la masewera. Lero mayina aatali aja anaiwalika, sawerengedwa ndi wina aliyense kupatula ofufuza mbiri, pamene kadzina ka m'mphepete kaja ndiko kakugwira sayansi yonse ya zamoyo. Mlangizi wa zaulimi akanena kuti chimanga ndi Zea mays, mtedza ndi Arachis hypogaea, fodya ndi Nicotiana tabacum, liwu lachiwiri m'dzina lililonse ndi lija la "triviale". Ndipo m'chaka cha 1758 Linnaeus anachita chimodzimodzi ndi nyama, natipatsa ife anthu dzina loti Homo sapiens. Motero "sapiens", wanzeru, dzina limene mtundu wa anthu umadzitama nalo, linabadwa ngati dzina la m'mphepete mwa tsamba.

Mbale wake uja, "trivia", anakula mochedwa. John Gay anapatsa dzinali ndakatulo yake ya mu 1716 yonena za kuyenda m'misewu ya London, ndipo Logan Pearsall Smith anatcha Trivia kabuku kake ka tinkhani tating'ono mu 1902. Tanthauzo limene ambiri akulidziwa lero, la mafunso a mpikisano, linakhazikika cha mu 1965, pamene ophunzira awiri a pa Columbia University ku New York, Ed Goodgold ndi Dan Carlinsky, anayamba kuchititsa mipikisano yofunsana za mawailesi ndi mafilimu a ubwana wawo. Mu 1979 ku Montreal anthu awiri a ntchito za nyuzipepala, Chris Haney ndi Scott Abbott, anapanga masewera otchedwa Trivial Pursuit, ndipo m'chaka cha 1984 chokha anagulidwa oposa 20 miliyoni. Ife sitipeza cholakwa m'masewera otere. Banja limene limaseka pamodzi pofunsana mafunso silisiyana kwenikweni ndi agogo ndi adzukulu oponyerana ndagi madzulo pamoto. Koma masewerawa amaphunzitsa kanthu kena mosafuna. Funso loti likulu la Malawi linasamuka liti kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe ndi "trivia" pa mpikisano: wina afuula kuti 1975, alandira mapointi ake, nkhani yatha. Kwa banja la kalaliki wa boma amene anapakira katundu pa lole, nasiya manda a mwana wake ku Zomba, chaka chimenecho sichinali funso la mpikisano. Mfundo ndi yomweyo, chaka ndi chomwecho. Chimene chasintha ndi chakuti pa mpikisano mfundoyo yazulidwa m'moyo wa anthu amene inawakhudza.

Tsono tisapitirire muyeso, ngati kuti palibe kanthu kachabechabe pansi pano. Tinthu topanda pake tilipo, ndipo timadya nthawi ya anthu mwankhanza. Amene anafotokoza bwino zimenezi ndi C. Northcote Parkinson, Mngerezi wolemba mbiri, m'buku lake la Parkinson's Law la mu 1957. Iye anapeka komiti ya zachuma, nafotokoza mfundo zitatu mwa zimene zinali patebulo. Yoyamba inali ya makina opangira mphamvu ya atomu, a mapaundi 10 miliyoni. Imeneyi inavomerezedwa m'mphindi ziwiri ndi theka, chifukwa pafupifupi onse sankaimvetsa ndipo ankachita manyazi kuonetsa umbuli wawo. Yachiwiri inali ya chisakasa chosungiramo njinga za antchito, cha mapaundi 350. Apa anakangana mphindi 45, pakuti aliyense amadziwa njinga ndi malata. Yachitatu inali ya zakumwa za pa misonkhano, mapaundi 21 pachaka. Pa imeneyi anatha ola limodzi ndi mphindi 15, ndipo anabalalika asanagwirizane. Parkinson anati nthawi imene komiti imathera pa mfundo imachepa pamene ndalama zake zikukula.

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa komiti ya sukulu, ya chitukuko cha m'mudzi kapena ya bungwe la amayi aseka powerenga zimenezi, koma ndi kuseka kowawa. Lipoti la msungichuma limawerengedwa mothamanga, anthu naomba m'manja. Ikafika nkhani ya mtundu wa nsalu ya yunifolomu, manja khumi akwera m'mwamba ndipo ena atuluka okwiya. Pa msonkhano wa banja zimakhala chimodzimodzi. Abale asonkhana kuti akambe za amene adzasamala agogo amene maso achita khungu, ndi za munda umene malire ake akusokonekera. Koma dzuwa lilowa akukangana za yemwe anapatsidwa chiwindi cha nkhuku pa ukwati wa chaka chatha. Sikuti anthuwa ndi opusa. Nkhani ya agogo ndi yolemera, ili ndi mtengo, ndipo woyamba kuitchula ndiye adzafunsidwa kuti awatenge. Nkhani ya chiwindi ilibe ngozi. Munthu amathawira m'tinthu tating'ono monga momwe mbewa imathawira kuuna, ndipo akatuluka pa msonkhano amamva ngati wagwira ntchito.

Apa ndiye pali vuto limene liwu la "trivial" silingathe kutithetsera. Mbali ina timanyoza zazing'ono zimene zanyamula moyo, mbali ina timakangamira zazing'ono kuti tizembe zazikulu, ndipo kawirikawiri ndi munthu mmodzi yemweyo amene amachita zonse ziwiri tsiku limodzi: ku msonkhano ataya ola pa nsalu, kunyumba akana kupereka mphindi ziwiri kwa mwana amene akufuna kumuonetsa kope lake. Kukula kwa chinthu sikutithandiza kusiyanitsa, pakuti chiwindi cha nkhuku ndi kope la mwana zonse ndi zazing'ono.

Anthu a malamulo ali ndi mfundo yakale ya Chilatini, "de minimis non curat lex", kutanthauza kuti lamulo silisamala tinthu tochepetsetsa. Ndi mfundo yanzeru, chifukwa bwalo la milandu limene lingamve dandaulo la chimanga chimodzi chothyoledwa ndi mwana wodutsa silingapeze nthawi ya mlandu wakupha. Koma aphunzitsi akale a za chikhalidwe mu Mpingo, pofuna kusiyanitsa kuba kwakukulu ndi kwakung'ono, anaona kuti mtengo wa chinthu pa msika sukwanira. Ankapereka chitsanzo cha singano. Singano ndi kanthu kotchipa kuposa tonse. Kuitenga m'nyumba ya munthu wolemera n'kulakwa kochepa. Koma ukaba singano ya telala wosauka amene ali ndi imodzi yokhayo, ndipo ukudziwa kuti sangapeze ina, wamulanda ntchito ndi chakudya cha ana ake, ndipo kulakwako n'kwakukulu. Singano sinasinthe kulemera. Funso limene aphunzitsiwo anafunsa ndi lakuti: kanthuka kagwera yani, ndipo n'chiyani chimene chapachikika pa iko?

Funso limeneli ndi limene liwu la "trivial" limabisa. Limamveka ngati likufotokoza chinthu, monga tinena kuti mwala ndi wolemera kapena madzi ndi ozizira, pamene kwenikweni likufotokoza pamene waima wonenayo. Bwana amene akuti kuchedwa kwa malipiro ndi masiku atatu ndi "trivial" akunena zoona za thumba lake. Mlonda amene mwininyumba wamuikira loko pachitseko ali ndi masamu ena. Ndipo taonani kuti liwuli limayenda motsetsereka, kuchoka kumtunda kupita kumunsi. Ndi kamodzikamodzi pamene mungamve wantchito akuuza bwana wake, kapena mwana akuuza bambo ake, kuti nkhawa yawo ndi yachabechabe. Mphambano ija ikadali m'kati mwa liwuli: zimene zimavuta anthu wamba ndizo zimatchedwa zazing'ono msanga.

Chinenero chathu sichifuna kubwereka kwa Angerezi kuti chichite zomwezi. Ife tili ndi "ka" ndi "ti". Nkhani ikasanduka kankhani, ndalama zikasanduka tindalama, munthu akasanduka kamunthu, chiweruzo chaperekedwa kale chiganizo chisanathe. Chodabwitsa n'chakuti "ka" yemweyo ndi wachikondi: mayi akati kamwana kanga, sakuchepetsa mwanayo, akumufungatira. Choncho m'Chichewa kuchepa kwa chinthu kungaitane chitonzo kapena chisamaliro, ndipo womvera amadziwa ndi kamvekedwe ka mawu kuti ndi chiti mwa ziwirizi. M'mabanja ambiri amene akuzizira simunachitike chinthu chachikulu chimene ankhoswe angaloze ndi chala. Muli tinthu: kandalama ka sopo kopemphedwa katatu, zikomo amene sananenedwe, mbale yolandiridwa osayang'ana amene waibweretsa, funso loyankhidwa ndi maso ali pa foni. Mayi akakadandaula kwa ankhoswe amachita manyazi, chifukwa kalikonse akakatchula pakokha kamamveka kopanda pake, ndipo bambo amapambana mlandu mosavuta ndi mawu akuti, "Mwamva nokha, ndi tinkhani tachabechabe." Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Ife timakonda kunena mwambiwu polimbikitsa wosunga ndalama, koma mtolo wa zowawa umamangidwanso motero, ndipo amene akuusenza ndi yekhayo amene amadziwa kulemera kwake.

Pa zonse zimene anthu anaziyesa zazing'ono, chimene chinadula miyoyo yambiri mwina ndi kusamba m'manja. M'zaka za m'ma 1840, chipatala chachikulu cha ku Vienna chinali ndi zigawo ziwiri za amayi oyembekezera. M'chigawo choyamba munkaphunzira madokotala, m'chachiwiri azamba. Amayi a m'chigawo cha madokotala ankafa kwambiri ndi matenda otentha thupi amene amagwira mayi akangobereka, kotero kuti mbiri inafala mumzinda, ndipo ena ankagwada kupempha kuti awagoneke kwa azamba. Dokotala wachinyamata wa ku Hungary, Ignaz Semmelweis, anasinkhasinkha za kusiyanaku kwa nthawi yaitali. Mu 1847 mnzake Jakob Kolletschka anachekedwa ndi mpeni pong'amba mtembo, nadwala, namwalira ndi zizindikiro zofanana ndi za amayi aja. Pamenepo Semmelweis anazindikira: madokotala ndi ophunzira awo ankachoka ku chipinda cha mitembo kupita kukayeza amayi, pamene azamba sankagwira mitembo. Analamula kuti aliyense asambe m'manja ndi madzi osungunuliramo laimu wa klorini asanakhudze mayi. M'mwezi wa Epulo 1847 amayi 18 mwa 100 aliwonse anamwalira m'chigawo chija; lamulo linayamba pakati pa Meyi, ndipo m'miyezi yotsatira chiwerengero chinatsika kufika pa awiri, mwinanso mmodzi, mwa 100.

Mungayembekeze kuti dziko lonse la madokotala linathamangira ku beseni. Sizinatero. Zifukwa zinali zingapo: nthawi imeneyo za tizilombo toyambitsa matenda zinali zisanadziwike bwino, Semmelweis anachedwa kulemba zimene anapeza, ndipo polemba anali waukali kwa otsutsana naye. Koma panalinso kunyada. Akatswiri anali ndi mafotokozedwe akuluakulu a mpweya woipa ndi kusokonekera kwa m'thupi, oyenera anthu ophunzira. Kuuzidwa kuti imfa ili m'zikhadabo zawo, ndi kuti mankhwala ake ndi ntchito imene mayi aliyense amauza mwana wake asanadye, kunali kowachepetsa. Amene ankalipira mtengo wa kunyadako sanali madokotala. Anali amayi osauka a mumzinda, pakuti olemera ankaberekera kunyumba.

Semmelweis anachoka ku Vienna mu 1850 nabwerera ku Pest. Buku lake linatuluka mu 1861 ndipo ambiri analikana. Mu 1865 anatsekeredwa m'nyumba ya odwala misala, namwalira patangopita milungu iwiri, ali ndi zaka 47. Patapita zaka ziwiri, mu 1867, Joseph Lister wa ku Glasgow, potsata zimene Louis Pasteur anapeza za tizilombo, anafalitsa njira yake yotsukira mabala, zida ndi manja pochita opaleshoni, ndipo pang'onopang'ono madokotala a ku Ulaya anayamba kusamba m'manja.